Mabulangete Awiri pa Ngolo ya Chimanga

Mwana wanga wachiwiri anali ndi miyezi isanu pamene tinagona usiku uwiri pa ngolo ya thirakitala, mumsewu wochokera ku Molumbo kupita ku Milange. Unali mwezi wa Juni, patangopita milungu itatu chitulukireni naye m'chipatala momwe anagonekedwa ndi chibayo. Potitulutsa, namwino anandigwira pamkono n'kundiuza kuti mwanayo asazizidwe ngakhale usiku umodzi, chifukwa chibayo chikabwerera kachiwiri chimabwera ndi ukali. Ndinavomera ndi mtima wonse. Ndinkaganiza kuti ndidzalimbana ndi mphepo yokha, osadziwa kuti ndidzalimbananso ndi amayi anga ondibala komanso mwamuna wanga.

Ife timakhala kufupi ndi vila, ndiye kuti tauni, ya Milange, koma munda wathu waukulu uli kutali, mbali ya Molumbo kumene malo akadalipo. Nthawi yokolola timasamukira komweko. Chaka chimenecho ndikanayenera kutsala kunyumba, koma chimanga sichidikira munthu, ndipo mwana woyamwa sangasiyane ndi mayi wake. Choncho tinapita tonse: ine, bambo a ana, mwana wathu wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi, khandalo, ndi amayi, amene anabwera kudzandigwirira mwana ine ndikamatonola. Kumundako zinayenda bwino chifukwa kuli misasa iwiri yofoleredwa bwino, ndipo moto unkayaka usiku wonse. Bambo a ana ankagona msasa wawo, ife wathu.

Apa ndiyenera kufotokoza za anthu awiriwa. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sakhala pamphasa imodzi, sayang'anana m'maso, salankhulana mwachindunji, ndipo kugona pansi pa denga limodzi ndiye sikutchulidwa n'komwe. Mabanja ambiri ku vila zimenezi anazisiya kale, mumapeza mkamwini akuonera mpira ndi apongozi pa mpando umodzi. Koma amayi anga anagwiritsa, ndipo Mulungu anawapatsa mkamwini wogwiritsa kuposa iwowo. Akakumana panjira, wina amalowa kutchire, ndipo nthawi zina onse awiri amalowa kutchire, njira n'kutsala yokha. Pali njira yothetsera manyaziwa: apongozi amapha nkhuku, mkamwini amapereka nsalu, malume alipo, basi anthu amayamba kulankhulana. Ife tinali titakwanitsa zaka zisanu ndi zinayi tikunena kuti tidzachita tikakolola. Zaka zonsezo wonyamula mawu pakati pawo ndinali ine.

Tsiku lobwerera, mlamu wanga, amene anabwera kudzatithandiza kukolola, anatsogola m'mawa pa njinga ndi miphika ndi zofunda zambiri, poti tinkadziwa kuti dzuwa likamalowa tikhala tili kunyumba. Tinatsala ndi mabulangete awiri. Lina linali lalikulu, lolemera, lomwe ndinagula kutsidya kwa malire, ku Limbuli. Linalo linali lakalekale, lopyapyala moti ukalifunda umaona kuwala kwa nyali. Tinakweza matumba pa ngolo, tinakhala pamwamba pake, amayi kutsogolo atayang'ana kutsogolo, bambo a ana kumbuyo kwenikweni atayang'ana kumene tikuchokera, miyendo ili lendelende.

Cha m'ma 3 koloko tayala lakumanzere la ngolo linayamba kulira. Dalaivala ananamizira kusamva mpaka tayalalo linapendekeka, ngolo n'kuima yokha kumunsi kwa chitunda, m'dambo pafupi ndi kamtsinje. Anatsika, anasuzumira, anatukwana m'Chipwitikizi. Kenako iye ndi bambo a ana anachirikiza ngolo ndi miyala, anachotsa tayala ndi chitsulo chake chomwe chinathyoka, anazimangirira pa thirakitala, n'kumasula ngolo.

"Mana, achemwali anga, musadandaule," anandiuza atakhala kale pa chiwongolero. "Ndikawotcherera pa ofisina, kwa amakanika, ndikubwera ja-ja, posachedwapa. Mdima usanagwe ndafika."

Ndinamukhulupirira, ndipo mpaka lero ndimadzikwiyira. Ndikanatha kukwera ndi mwana pambali pake, koma pa thirakitala pamagwedeza ndiponso pamawomba mphepo, ndiye ndinati bola kudikira maola atatu pamalo abata.

Dzuwa litapendeka, bambo a ana anaona kuti zinthu zavuta ndipo anayamba kukonza pogona. Pa ntchito ya manja sindingawanene. Anachotsa matumba apakati pa ngolo n'kuwasanja m'mbali ngati makoma, pakati panatsala dzenje lokwana anthu anayi ogona mothithikana. Pansi pa ngolo ndi chitsulo, choncho anayala matumba opanda kanthu, pamwamba pake mphasa. Anakoka lona lomwe tinafunditsira chimanga, analimanga ndi zingwe ngodya zonse, n'kusiya pakhomo pang'ono kumbuyo. Inali nyumba ndithu. Ndinawayamikira, ndipo iwo anamwetulira, anatenga jekete lawo, anatsika n'kukakhala pansi pa ngolo.

"Mukagona kuti?" ndinafunsa.

"Pompano, mayi a mwana. Pansi pano mame safika."

Sindinalimbane nawo. Ndinaganiza kuti ndi munthu wamkulu, ali ndi jekete, ali ndi moto pambali, ndipo ndi usiku umodzi wokha. Ndinagoneka khanda pakati pa ine ndi amayi, mtsikana kumbuyo kwanga, n'kufunda mabulangete onse awiri. Dambo limasunga chisanu, ndipo chitsulo chinkachikoka n'kuchilowetsa m'nthiti ngakhale panali mphasa. Komabe tinayamba kufunda pang'onopang'ono, ndipo mwana anagona.

Kenako amayi anandigwedeza.

"Iwe, bambo ake a mwana afunda chiyani?"

"Ali ndi jekete, amayi. Gonani."

"Jekete ndi chofunda? Ife tifunde awiri, mwini chimanga agone ngati galu? Kawapatse lalikululi."

Ndinawauza kuti lalikululo ndi la mwana. Anayankha kuti mwana ali pakati pa anthu awiri, afunda ndi matupi athu, ndipo anali atayamba kale kulikoka. Ndinadzuka, ndinakwawira pakhomo, ndinalitsitsa.

"Akuti fundani ili."

Bambo a ana anali atamva zonse, chifukwa pakati pa iwo ndi amayi panali chitsulo chokha chopyapyala ngati chala. Koma anadikira kuti ndimalize, ngati uthenga wachokera kutali ku Quelimane.

"Kawauzeni kuti ndathokoza kwambiri, koma iwo ndi aakulu. Ine magazi akadali otentha."

Ndinabwerera nalo. Amayi anati ndiwauze kuti mawa ali ndi ntchito yonyamula matumba, asadwale. Ndinatsitsanso. Bambo a ana anati ndiwauze kuti sangafunde bulangete lomwe lachotsedwa pathupi pa apongozi. Nthawi iliyonse ndikakwawira pakhomo, lona linkatseguka, mpweya wofunda womwe tinasonkhanitsa movutikira unkatuluka, ndipo mwana ankatakataka. Ulendo wachinayi ndinatopa. Ndinalipachika pa khoma la ngolo, theka mkati theka kunja, ndinati amene akulifuna atenge. Ndinkayembekeza kuti mmodzi wa iwo agonja ndikangogona.

Palibe anagonja. Ndinayesa kulikokera mkati mwakachetechete, amayi anandimenya padzanja mumdima. Tinachezera ndi bulangete lopyapyala lija, ine nditakumbatira mwana, mano akugundana. M'mawa ndinapeza lalikulu lili pomwe ndinalisiya, litanyowa ndi mame mpaka kudontha. Bulangete labwino kuposa onse m'banja mwathu linafunditsa chitsulo usiku wonse. Ndinakwiya moti sindinapereke moni kwa aliyense.

Mwana anadzuka bwino, anayamwa, anaseka. Ndinayanika bulangete pa chitsamba ndipo ndinakwera pachulu kukafuna netiweki. Dalaivala anayankha mokoma kuti wowotcherera analibe magetsi dzulo, koma tsopano akumaliza, ndipo iye ali panjira ja-ja. Masana anati chitsulocho chathyokanso, akukafuna china kutsidya kwa mtsinje wa Ruo. Madzulo anati, "Pasiyensiya, pirirani mana," kenako foni yake inazima.

Wina angafunse chifukwa chake sitinachoke. Nyumba zapafupi zinali ulendo wa ola lathunthu kukwera chitunda, ndipo bondo la amayi linali litatupa chifukwa chokhala nthawi yaitali pa matumba. Malole awiri anadutsa atadzaza mpaka pamwamba. Wa njinga yamoto mmodzi anaima n'kunena kuti anditenga ndi mwana, koma ndinaganiza za mphepo ya pa njinga yamoto pa chifuwa chomwe changochira, ndinakana. Ndiponso munthu akamakuuza ola lililonse kuti ali panjira, umangokhala ukuyang'ana kumsewu.

Ndinatuma bambo a ana ku nyumba zija kuti akapemphe chofunda. Anapita, anakhalitsa, anabwera ndi mbatata ndi mtolo wa nkhuni.

"Nanga bulangete?"

"Mayi a mwana, mwezi uno munthu ungapemphe bulangete kwa anthu osawadziwa? Eni akenso akufunda. Ndaona ana awo, pakamwa panandilemera."

Mwamuna wanga ndi munthu wabwino, aliyense amatero, ndipo tsiku limenelo ubwino wakewo ndinkafuna kuutaya mumtsinje.

Tikudya mbatata, mitambo inayamba kutsika kumapiri. Ife a kuno timaidziwa mitambo imeneyo. Chiperoni chikabwera sichigwa ngati mvula yeniyeni, chimangowaza tinthu tosaoneka, tozizira, tolowa paliponse, ndipo chimatha kukhala masiku. Bulangete lalikulu linali lisanaumitsitse m'mphepete. Ndinaona kuti usiku umenewo masewera adzulo sangachitike, ndiye ndinaganiza zolankhula nawo mmodzimmodzi kukadali kowala.

Ndinayamba ndi bambo a ana, kuseri kwa ngolo. Ndinawakumbutsa kuti kunyumba mwana akazizidwa amagona pachifuwa pawo, chifukwa iwo thupi lawo limatentha ngati mbaula pamene ine ndine wowonda, wozizidwa msanga. Ndinati anthu asanu pansi pa mabulangete awiri afunda, koma anthu asanu omwazikana azizidwa onse. Anamvetsera mutu uli pansi.

"Zonsezo ndi zoona," anatero. "Koma mukufuna ndizikayenda bwanji m'mudzi? Ine kugona malo amodzi ndi apongozi?"

"Adzakuonani ndani kuno? Achule?"

"Ndidzadziona ndekha."

Ndinapita kwa amayi. Iwo sanandilole n'komwe kumaliza.

"Iwe unapita kusukulu, ife sitinapite. Zimene ukunenazo usazibwerezenso, mwana wamkazi akumva."

Mdima utagwa tinalowa monga dzulo. Chiperoni chinali chitayamba, lona likulira pang'onopang'ono. Ndinaika lamulo lakuti mabulangete onse awiri sachoka pa ana, ndipo amayi anavomera mosavuta moti ndinayenera kukayikira. Patapita kanthawi ndinamva akukwawa. Ndinayesa akupita kukataya madzi. Ndinamva akubuula potsika ndi bondo lawo lija, kenako mawu awo anachokera kunja.

"Iwe, uwauze bambo ake a mwana akwere. Ine ndakhala pansi pano, ndafunda zitenje ziwiri. Akafunditse mwana."

Kunena zoona, poyamba ndinasangalala. Ndinaona ngati nkhani yatha, ngakhale mtima unkandipweteka kuti munthu wachikulire akhale pa mvula. Ndinaitana bambo a ana. Yankho linachokera kutali kusiyana ndi kale, chifukwa atangomva kuti apongozi atsika, anatuluka pansi pa ngolo n'kukaima mbali inayo, pamtetete.

"Kawauzeni kuti sizingatheke. Ine ndigone m'nyumba, iwo ali panja? Akwere, chonde."

"Akuti mukwere ndinu," ndinauza amayi.

"Uwauze kuti ndatsika kale, bondo silingalole kukweranso."

Tsopano onani mmene zinthu zinalili. Dzulo panja panali munthu mmodzi, lero panali awiri. Pansi pa ngolo, pokhapo pomwe panali pouma, panalibe aliyense, chifukwa aliyense ankasiyira mnzake. Amayi anakhala kumanzere atatsamira miyala, bambo a ana anaima kumanja atakumbatira jekete, onse akunyowa mwaulemu. Mkati ndinatsala ndekha ndi ana awiri, mbali yomwe amayi ankatchinga itatseguka, chisanu chikulowa ngati chaitanidwa.

Ndinakokera mtsikana kuti agone mbali inayo ya khanda, koma mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi alibe kutentha kogawira wina, ndipo akagona amaponya miyendo. Mphepete yonyowa ya bulangete inkandikhudza pakhosi. Ndinayamba kunjenjemera kuchokera m'mimba.

Apa m'pamene bambo a ana anapeza nzeru. Sanandifunse. Ndinangomva akukoka nkhuni, kenako kuthetheka kwa moto pansi pathu penipeni. Anaganiza kuti akasonkha moto pansi pa ngolo, chitsulo chitentha, ife tifunda, ndipo iwo sadzafunika kukwera. Kwa mphindi zingapo zinaoneka ngati zatheka, mphasa inayamba kufunda ndipo ndinatsala pang'ono kuwakhululukira. Kenako ndinamva fungo la pulasitiki. Matumba omwe anayala pansi aja anayamba kusungunuka, thumba limodzi la m'khoma linabooka pansi, chimanga n'kuyamba kukhuthukira kumapazi kwanga, ndipo utsi unalowa kudzera m'mabowo a chitsulo n'kudzaza mkati monse.

"Mukutiphika!" ndinakuwa. "Chotsani moto umenewo!"

Anaukoka mofulumira, chiperoni chinamaliza ntchito yozimitsa. Koma utsi unali utalowa kale, ndipo namwino uja anali atanenanso za utsi. Ndinachita kumasula ngodya imodzi ya lona n'kuikupiza kuti utuluke. Unatuluka pamodzi ndi kutentha konse komwe kunatsala, ndipo tinthu tamvula tija tinawaza pa mabulangete.

Nditamanganso lona, mwana anatsokomola. Mayi aliyense amadziwa kusiyana kwa chifuwa cha utsi ndi chifuwa china chija, chouma, chochokera pansi. Sindinathe kusiyanitsa usiku umenewo, ndipo chimenecho n'chomwe chinandiopsa. Ndinamugwira mapazi, anali ozizira ngati chitsulo chomwe tinagonapo. Ndinamuvula kajuzi konyowa, ndinamulowetsa mkati mwa diresi langa, khungu pa khungu, monga anatiphunzitsira kuchipatala. Koma chifuwa changa chinali chozizira, ndipo ndinkanjenjemera moti mutu wake unkagwedezeka. Anatsokomolanso, kenako analira kulira kofooka komwe ndinakumva komaliza tili pa bedi la chipatala.

Ndinali ndisanakwezepo mawu kwa amayi chibadwire. Usiku umenewo ndinatulutsa mutu pakhomo la lona n'kulankhula kwa onse awiri nthawi imodzi, osayang'ana kumanzere kapena kumanja.

"Ndatopa nanu. Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala foni yanu, lero yatha moto. Mwana uyu mapazi azizira, akutsokomola, ine ndilibe kutentha komupatsa. Inu mukupikisana ulemu pa mvula. Chabwino, pitirizani. Koma mundiuze, akatisiya mwana uyu, kumanda mudzapita bwanji? Wina adzalowa kutchire kuti mnzake adutse?"

Mawuwo atangotuluka ndinafuna kuwabweza. Kwathu sititchula manda pamutu pa mwana wamoyo, ndipo ndinamva ngati ndamuitanira tsoka ndi pakamwa panga. Ndinabwerera mkati n'kuyamba kulira, mkwiyo ndi mantha zitasakanikirana. Madzi ankangodontha kuchokera pa lona.

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Kenako ndinamva amayi akukonza kukhosi.

"Apongozi."

Sanali kuitana ine. Bambo a ana mwina anaganiza kuti makutu awanamiza.

"Apongozi, ndikunena inu. Bwerani mundikweze, bondo lakana. Mukandikweza mukwere nanunso."

"Amayi," anayankha bambo a ana.

"Fulumirani, mwana akuzizidwa."

Ndinatsegula lona n'kuwalitsa ndi foni. Mwamuna wanga anazungulira ngolo atavula chipewa, ngakhale kunali mvula. Anafika pamene amayi anakhala, anagwada, kenako anawanyamula nkhope atatembenuzira kumbali, moti anatsala pang'ono kuwagundika pa ngodya ya chitsulo. Amayi nawonso anali atatseka maso. Ndinachita kuwalondolera ngati akhungu awiri, kwezani pang'ono, kumanja, samalani mutu. Atawakhazika mkati, anaimirira panja kanthawi, mpaka ndinawakoka jekete.

Malo anali ochepa kuposa poyamba chifukwa cha chimanga chokhuthuka chija. Ndinawavulitsa jekete ndi malaya onyowa, ndinawagoneka chammbali, ndinaika mwana pachifuwa pawo n'kumumangirira ndi chitenje chouma chomwe chinatsala. Ine ndinagona kutsogolo kwawo kuti mwana akhale pakati pathu, mtsikana kumbuyo kwanga. Malo okhawo otsalira amayi anali kumbuyo kwa mkamwini wawo. Anayang'ana malowo, anavula zitenje zonyowa zapamwamba, anadziphimba kumutu ndi mpango, n'kugona atayang'ana matumba, msana wawo utagunda msana wake. Ndinafunditsa tonse lopyapyala kaye, lalikulu pamwamba, ndipo kwa nthawi yoyamba mabulangete onse awiri anagwira ntchito yomwe ndinawagulira.

Bambo a ana anauma gwa ngati mtengo, ndikuganiza kuti ankaopa ngakhale kupuma. Koma kutentha kwawo kunayamba kufalikira, ndipo kunjenjemera kwanga kunachepa mpaka kunatha. Dzanja langa linali pa mapazi a mwana. Ndinamva chidendene chikufunda, kenako zala, chimodzichimodzi. Anatsokomola kawiri, mofewa, kenako kupuma kwake kunatalika. Ndinakhala maso ndikumvetsera kupumako, ndikadali wokwiya kuti chinthu chophweka chonchi chatitengera usiku umodzi ndi theka, thumba la chimanga ndi mawu oipa omwe sindikanayenera kunena. Tulo tinandiba kutatsala pang'ono kucha.

Nditadzidzimuka kunali kutayera. Bambo a ana anali atatsika kale, mwana atamusiya m'khwapa mwanga, ndipo ndinkawamva kunja akuwola chimanga chomwe chinagwera pansi. Chiperoni chinali chikuwazabe. Amayi anali atakhala tsonga pangodya, mpango udakali kumaso, mapewa akugwedezeka. Ndinayesa ndi chisanu, ndinakoka bulangete kuti ndiwafunditse, m'pamene ndinaona kuti akulira.

"Amayi, ndi bondo?"

Anapukusa mutu. Analankhula motsitsa kuti wa panja asamve.

"Amayi anga anakhala ndi bambo ako mudzi umodzi, anathawa nawo nkhondo, anabwerera nawo, mpaka kumwalira osakhudzana ngakhale chala. Ine ndagona msana ndi msana ndi mwamuna wa mwana wanga."

Ndinali ndi mayankho ambiri okonzeka, ena akuthwa, omwe ndinawasunga usiku wonse. Sindinanene ngakhale limodzi. Kwa masiku awiri ndinkangoona makani, ndipo sindinaganizepo kuti kwa iwo chinali chinthu chomwe anachisunga moyo wawo wonse, n'kuchitaya usiku umodzi chifukwa cha mwana wanga. Ndinachita manyazi.

Mwana anadzuka n'kuyamba kulirira bere, kulira kwamphamvu kwa munthu wanjala, tsitsi lake litanyowa ndi thukuta. Amayi analowetsa dzanja m'bulangete, anapeza phazi lake, analigwira kwa kanthawi.

"Wafunda," anatero. Anapukuta maso ndi mpango. "Usakanene kumudzi."

Thirakitala inafika masana, ndipo madzulo tinali kunyumba. Chibayo sichinabwerere. Za usiku umenewo sindinauze munthu aliyense, ngakhale mchemwali wanga, mpaka amayi atatisiya.